Andiitana kukalowa kopaletivi ya timanyumba ting'onoting'ono kumudzi, ndifunse chiyani ndisanasayine?

Nangondo:
Moni nonse apagulu. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata yonseyi, ndiye amene mukuzidziwa izi chonde ndigawireni nzeru.

Pali anthu ena amene anasonkherana ndalama n'kugula malo kutali ndi tauni, ndipo anapanga kopaletivi. Banja lililonse lili ndi kanyumba kake, koma nthaka, mjigo, dimba ndi nyumba imodzi yaikulu yochapiramo ndi kuchitiramo misonkhano ndi za onse. Timanyumba tilipo 11, ndipo akuti malo a kanyumba ka nambala 12 ndikhoza kutenga ine. Ndinapitako kamodzi, Loweruka lapitali, ndipo mtima wanga unatsala komweko. Ana amathamanga pakati pa timanyumbato popanda kholo lokuwa kuti samala galimoto. Mayi wina amene sanandionepo anandilowetsa mwake n'kundionetsa mpaka pamene amapinda mabulangete.

Ndili ndi zaka 54. Bambo akunyumba anatisiya zaka 6 zapitazo, ana awiri anakula ali paokha, ndatsala ndi mzime wanga, mtsikana wa zaka 15. Ndine telala, ndipo lendi yandikwana. Akuti ndigule sheya, kanyumbako ndimange ndi ndalama zanga, kenako mwezi ndi mwezi ndizisonkha kangachepe kosamalira pamalopo. Sheya ndi kumangako zidya pafupifupi zonse zimene ndakhala ndikusunga. Andipatsa mwezi umodzi woti ndiyankhe.

Mmisiri wa Matabwa:
Mayi Nangondo, ine ndiyankhe mbali imene ndimaidziwa, ya kanyumbako, poti ndamangapo tingapo.

Kukula kwake mukuyese ndi thupi lanu, maso amanama. Ku America, malamulo a zomangamanga a 2018 amati nyumba ndi yaing'ono ngati pansi pake sipapitirira masikweya mita 37, osawerengera kachipinda kam'mwamba kogonamo kaja. Koma 37 ndi malire chabe. Timene ndamanga ine ndi tapakati pa 18 ndi 25.

Tengani choko ndi tepi yanu yoyezera nsalu ija, mujambule pansi m'nyumba muli panomo mamita 3 m'lifupi ndi 7 m'litali. Mulowetsemo bedi, pophikira, tebulo, malo a bafa ndi makina anu osokera, ndipo inu ndi mwanayo mukhale mkati mwa mzerewo masiku 7. Chilichonse chimene mwadumpha mzere kukatenga, chilembeni papepala. Pepalalo likuuzani zambiri kuposa ine.

China ndi chinyezi. Mpweya wa anthu ogona, nthunzi ya m'poto ndi zovala zonyowa m'nyumba yaikulu zimamwazika, koma m'kanyumba zimakamatirira pakhoma lozizira. Ndinaitanidwapo kukakonza kena kamene kanali katangotha chaka chimodzi. Nditanyamula matiresi, thabwa lapansi pake linali bii ndi nkhungu, chala chimalowa ngati m'dothi. Pakhale mawindo awiri oyang'anizana, potulukira nthunzi pamwamba pa pophikira, ndi mpata woyenda mphepo pansi pa matiresi. Mbaula ya makala kapena chotenthetsera cha gasi musagone nacho mutatseka. Mpweya wakupha umene zimenezi zimatulutsa, wotchedwa carbon monoxide, sununkha, ndipo m'chipinda chochepa chotere suchedwa kudzaza.

Bedi lanu likhale pansi. Makwerero lero ndi osavuta, koma mukumanga nyumba yoti mudzakhalemo muli ndi zaka 70. Kam'mwambako kasiyireni mtsikanayo.

NaJere:
Achemwali anga, a Mmisiri anena zoona, koma ine ndikuti musanafunse polowera, funsani potulukira. Ndinakhalapo pamalo otere zaka 3, ndipo ndinachokako ndi misozi.

Tinali mabanja 9. Amene anayambitsa anali munthu wabwino, sindimunenera zoipa. Ndi iyeyo anapeza malowo n'kuyamba kulipira enafe tisanabwere, ndiye chikalata cha malo chinali m'dzina lake. Tikafunsa ankati tidzasintha zinthu zikakhazikika, ife n'kumati palibe vuto, tonse ndife amodzi. Ine ndinathira simenti, kanyumba kanga ndinakamanga pamaziko olimba, kuseri ndinabzalako mitengo.

Chaka chachitatu bambo anga anadwala sitiroko, ndipo wowasamalira analipo ine ndekha. Nditapita kumsonkhano kukatsanzika, m'pamene tonse tinazindikira kuti palibe paliponse pamene tinalemba zoti munthu akamachoka ndalama zake zimabwerera bwanji. Wina amati ndibwezeredwe zonse zimene ndinalowetsa. Wina amati ndalamazo zinapita kumjigo ndi kumsewu, ndipo ndamwa nawo madziwo zaka zitatu. Wina amati ndipeze ndekha wolowa m'malo mwanga. Ndinapeza anthu awiri, onse gulu linawakana. Kanyumba kali panthaka ya mwini sunganyamule pamutu, ndipo wogula aliyense amafunsa pepala limene ine ndinalibe. Ndinadikira zaka 2, uku ndikutembenuza wodwala pabedi, ndipo zimene ndinalandira pomaliza sizinafike ndi theka lomwe.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi anthu amene tinkadyera limodzi. Anayamba kundizemba, foni yanga osayankha, chifukwa aliyense amachita manyazi. Palibe amene anandibera, achemwali. Tinkagwirizana kwambiri moti kutulutsa pepala ndi cholembera kunkaoneka ngati kukayikirana.

Nangondo:
Pepani a NaJere, pepani kwambiri. Mwandidzidzimutsa. Ine Loweruka lija ndinafunsa za dimba ndi za kumene dzuwa limatulukira, koma za chikalata sindinafunse n'kamodzi komwe.

Mlembi Wakale:
Pepani a NaJere. Nkhani ngati yanuyi ndinakumana nazo kangapo pa zaka zimene ndinkasunga mabuku a makopaletivi.

Mayi Nangondo, dzina loti kopaletivi lokha lisakukhazikeni mtima pansi. Pemphani satifiketi yosonyeza kuti inalembetsedwa kuboma. Ikalembetsedwa imakhala ngati munthu pamaso pa malamulo: ikhoza kukhala ndi malo m'dzina lake, akaunti yake kubanki, ikhoza kusuma kapena kusumiridwa. Ikapanda kulembetsedwa ndi gulu la anthu odziwana chabe, ndipo malowo mwini wake ndi amene dzina lake lili pachikalata. Chikalatacho muchione ndi maso anu, kenako mukatsimikize nokha ku ofesi yosunga kaundula wa malo. Komweko mukadziwanso ngati malowo anaikidwa chikole.

Za chikolezi ndiimepo pang'ono. Mu 1969, kufupi ndi Albany m'chigawo cha Georgia, ku America, anthu akuda omenyera ufulu anayambitsa New Communities, malo aakulu olimapo ndi kukhalapo monga gulu. Kumeneko ndi kumene kunayambira njira imene lero amati community land trust, yoti nthaka ikhale ya bungwe mpaka kalekale koma nyumba ikhale ya wokhalamo. Anthuwo anali ogwirizana ndipo cholinga chinali chabwino. Koma chilala chitabwera, n'kumanidwanso thandizo la ngongole ya alimi chifukwa cha tsankho, malowo analandidwa mu 1985. Ngongole ya panthaka ndi ya nonse. Mabanja atatu akalephera kusonkha, otsalanu ndi amene mumasenza, apo ayi nonse mumapakira.

Sindikunena kuti njirayi ndi yoipa. Ku Meredith, m'chigawo cha New Hampshire ku America komweko, mu 1984 anthu okhala m'nyumba zochita kukoka, amene ankalipira lendi panthaka ya mwini, anagula nthakayo monga kopaletivi mothandizidwa ndi ngongole ya New Hampshire Community Loan Fund. Njira imeneyo inafalikira m'madera ambiri a dzikolo, ndipo chimene chinawapulumutsa n'chakuti nthaka inalowa m'dzina la kopaletivi, osati la mmodzi wa iwo.

Funsaninso za mavoti. Chiyambire pamene anthu 28 a ku Rochdale, ku England, anatsegula kopaletivi yawo mu 1844, mfundo imene makopaletivi akhala akuigwira ndi yakuti membala mmodzi voti imodzi, kaya anabwera kale kaya dzulo, kaya analowetsa zambiri. Mukamva kuti oyambitsa ali ndi mawu oposa a ena, mudziwe kuti mukukakhala kwa eni ake.

Ndime ya m'malamulo a kopaletivi yonena za kutuluka kumene a NaJere akunenako iyenera kuyankha mosapita m'mbali. Sheya ibwezedwa pamtengo uti, umene munagulira kapena wa tsikulo? Pasanathe miyezi ingati? Gulu likakana wogula amene mwabweretsa, limagula lokha kapena limatani? Ndipo mukamwalira, mwana wanu amalowa umembala kapena amangopatsidwa ndalama n'kuuzidwa kuti asamuke? Muonenso chilolezo chomangapo nyumba 12, chifukwa malo ambiri akumidzi analembedwa kuti ndi aulimi, ndipo kudzazapo nyumba zogona kumafuna chilolezo chapadera. Mapepala onsewa mukaonetse loya wanu, osati wa gululo.

Wamagetsi:
Mayi, ine ndingoti mangani ka matayala basi. Zikavuta mumangokoka n'kumapita, ndipo zimene zinawaonekera a NaJere sizingakuonekereni. Ngakhale Jay Shafer, amene anatchukitsa timanyumbati ku America, kake ka mu 1999 anakamanga pa matayala.

Koma chimene ndalowera ndi madzi ndi magetsi, poti ndiyo ntchito yanga. Anthu akaona thanki pakona pa denga amati madzi atheka. Werengani nokha. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi ya denga ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 24, kumalo kumene kumagwa mamilimita 800 pachaka, likupatsani malita 19,200, ena n'kutayikanso m'njira. Anthu awiri, aliyense malita 50 patsiku, omwe ndi poyambira penipeni pa mlingo wa 50 mpaka 100 wa WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, mufuna malita 36,500 pachaka. Ndiye moyo wanu uli pamjigo uja. Funsani ngati unaumapo, pampu ikafa amakonza ndani, ndipo ndalama zokonzerazo zili m'thumba liti. Muyezenso ndi mapazi kuchokera pamjigo kufika pachimbudzi chapafupi, asachepere mamita 30.

Sola yaing'ono imakwanitsa mababu, foni, ngakhale kafiriji. Koma inu ndinu telala. Ayironi yamagetsi imadya mawati 1,000 kapena kuposa, ndipo batire yaing'ono imagwada nthawi yomweyo. Makina anuwo ndi amagetsi kapena opalasa?

Nangondo:
Ndi opalasa, achimwene. Anali a malemu mayi anga, ndipo sanandigwiritsepo mwala.

Mmisiri wa Matabwa:
Achimwene a Wamagetsi, za madzi mwalasa, koma za matayala ndikutsutsani. Kuti kanyumba kayende pamsewu popanda chilolezo chapadera kali ndi malire: ku Ulaya m'lifupi ndi mamita 2.55, ku America pafupifupi 2.6, ndipo ku Ulaya omanga amalimbana kuti kulemera kusapitirire makilogalamu 3,500. Mukachotsa makoma, mkati mumatsala pang'ono kuposa mamita 2. Mayiwa ayala pati nsalu yoti adule? Komanso matayala akaima zaka amang'aluka, chitsulo chapansi chimadyeka ndi dzimbiri. Ndipo mukakoka mukupita nako kuti? M'maiko ambiri malamulo amakaona ngati kalavani, osati nyumba, ndiye pokaima mpaka kalekale m'povuta kupeza, a banki ndi a inshuwalansi nawonso amakayika.

Chimene ndimalangiza ine ndi kumanga pa zipilala, makoma ndi denga zolumikiza ndi mabawuti. Kamakhala kotakasuka, kouma pansi, ndipo tsiku loti muchoke kamamasuka n'kukwera lole. Koma a Mlembi atithandize, zilembedwe kuti kanyumbako ndi kanu ngakhale kali panthaka ya gulu.

Agogo a Mapasa:
Mng'ono wanga Nangondo, anzanuwa akuuzani za mapepala, ndipo muwamvere ndithu. Ine ndikuuzani za Lachitatu madzulo, tsiku la msonkhano wathu, poti chaka chino ndi chachisanu ndi chitatu ndikukhala pamalo ngati amenewo.

Munapita Loweruka. Loweruka ndi tsiku la alendo, aliyense wasesa, aliyense akumwetulira. Pitaninso pakati pa sabata, mugoneko, ndipo mupemphe kukhala nawo pamsonkhano. Mukhale kumbuyo, mungomvetsera. Amayankhula ndani? Alipo amene akayamba kuyankhula ena amayang'ana pansi? Munthu akatsutsa, amamuyankha kapena amamudikira kuti atope? Pamenepo ndi pamene mukakhale, mng'ono wanga. M'kanyumbamo mumangogonamo.

Kwathu chimene chinatsala pang'ono kutipasula sichinali ndalama. Zinali ndowa za kuchimbudzi. Zimbudzi zathu ndi zopanda madzi, ukatha umathira utuchi, ndowa ikadzaza imakakhuthulidwa pamulu, muluwo n'kuusiya chaka kapena ziwiri kuti usanduke manyowa. Zikasamalidwa sizinunkha. Koma kukhuthula ndi kutsuka ndowazo ndi ntchito, ndipo panali bambo wina amene sabata yake ikafika amapezeka ali paulendo. Miyezi inatha anthu akung'ung'udzira kukhitchini, pamaso pake osanena kanthu. Mayi wina wofatsa kwambiri ndi amene tsiku lina anaimirira, manja akunjenjemera, nati watsuka ndowa za bambowo kasanu ndipo mtima wake wayamba kuda. Bambowo analira. Zinapezeka kuti amachita nseru yoopsa ndi ntchitoyo koma amaopa kunena. Tinawasinthira ntchito, pano ndi amene amasamala pampu ndi mpanda, ndipo sajomba.

Kuchokera pamenepo tinalemba. Wamkulu aliyense maola 4 pasabata a ntchito ya gulu, ndipo amalembedwa pabolodi. Wojomba koyamba amakumbutsidwa ndi mnzake paokha, kachiwiri nkhani imabwera kumsonkhano, kachitatu amalipira wina womugwirira. Za agalu, za alendo ogona masabata, za wailesi usiku, zonse tinazilemba titapsa nazo kaye.

Nyumba yaikulu ija muiyang'anitsitse, chifukwa ndi imene imachititsa kuti kanyumba kakhalike. Ku Denmark, kumene kukhala kotereku kunayambira, mabanja 27 amene anatsegula Sættedammen mu 1972 anaika nyumba ya onse pamtima pa zonse. Ngati muli fumbi ndi katundu wosweka, ndiye kuti anthuwo anasiya kukhala limodzi kalekale.

Ndisakuopsezeni zokhazokha. Chaka chathachi ndinagwa n'kuthyoka mwendo. Ana anga ali kutali. Masabata 6 sindinatunge madzi ngakhale kapu imodzi, sindinagone ndi njala, ndipo kamnyamata ka zaka 9 kapakhomo loyandikana kankabwera m'mawa uliwonse kudzatsegula makatani anga, chifukwa kanamva kuti sindingafikire. M'tauni ndinakhala zaka 30 osadziwa dzina la wakuseri kwa khoma langa.

Mlembi Wakale:
Agogo, zimene munapeza mutapsa nazozo ndi zimenenso Elinor Ostrom, katswiri wa ku America, anapeza atafufuza magulu osamala limodzi nkhalango, madzi othirira ndi malo odyetsera ziweto m'maiko osiyanasiyana, mpaka analandira mphotho ya Nobel mu 2009. Magulu okhalitsa amadziwa bwino amene ali membala ndi amene sali, malamulo amapanga ndi amene akuwatsatirawo, chilango chimayamba chochepa n'kumakwera, ndipo pamakhala njira yapafupi ndi yosadula yothetsera mikangano.

Mayi, funsaninso mmene amamangira mfundo. Ena amati mpaka aliyense avomere. Zimamveka zokoma, koma munthu mmodzi akhoza kuimitsa kukonza msewu miyezi ndi miyezi. Ena amatsata njira imene Gerard Endenburg anaikhazikitsa pakampani yake ku Netherlands m'zaka za m'ma 1970, yoti safunsa ngati aliyense wakondwa, koma ngati alipo amene akuona kuti mfundoyo iwononga gulu, ndipo anene chifukwa chake. Pemphani mabuku a zokambirana za misonkhano ya chaka chathunthu ndi lipoti la ndalama. Muonenso kuti potapa ndalama kubanki amasayina anthu angati. Mmodzi sakwana.

Mphwanu wa Kukoleji:
Mayi, ndikhululukireni kulowerera nkhani ya akuluakulu, koma palibe amene wanenapo za mtsikanayo kupatula poti agone m'mwamba. Makolo anga anandipititsa kumalo otere ndili ndi zaka 14. Anandiuza zonse zitatha kale.

Ana aang'ono amasangalala kwambiri kumeneko. Wa zaka 15 ndi nkhani ina. Anzanga onse anatsala kutali, amsinkhu wanga kunalibe, basi yomaliza inkadutsa dzuwa lisanalowe. M'kanyumba ukalira mayi amamva, ukaimba foni amamva, ukatembenuka usiku amamva. Ndinkakawerengera m'nyumba yochapira chifukwa ndi mokhamo munali chitseko choti ndingatseke. Pano ndimakukonda, ndikapita kutchuthi sindifuna kubwerera, koma zaka ziwiri zoyambirira ndinkawawidwa mtima, makamaka chifukwa sanandifunse.

Mupite naye. Ayende yekha njira yakusukulu, m'mawa weniweni, aone. Ndipo akanena kuti ayi, mumve chifukwa chake mpaka amalize.

Nangondo:
Mwana wanga, zikomo. Wandiuza zimene mwana wanga yemwe mwina akanaopa kundiuza. Nonse ndamva. Ndibweranso ndikayenda.

Nangondo:
Ndabweranso abale anga, patha masabata atatu.

A Mmisiri, choko chija ndinajambula. Tsiku loyamba pepala linadzaza mbali zonse. Pofika tsiku lachisanu ndinaona kuti zambiri zimene ndimadumphira mzere ndi za ntchito: nsalu za makasitomala, ayironi, tebulo lodulirapo. Zanga zenizeni n'zochepa kuposa mmene ndinkaganizira. Chimene sichinalowe ndi kabati ya mbale imene bambo awo a anawa anandigulira titangolowa m'banja. Ndinaiyeza katatu. Usiku umenewo ndinakhala pansi n'kuitsamira nthawi yaitali. Ndaganiza zoipereka kwa mwana wanga woyamba, ikakhale pamene ndingamaione.

Tinapita ndi mtsikana Lolemba, tinabwerako Lachisanu. A Mlembi, satifiketi ilipo, malo ali m'dzina la kopaletivi, ndipo ndinakatsimikiza ndekha ku ofesi ya malo. Chilolezo cha nyumba 12 chiliponso. Chikole chilipo, ngongole yatsala zaka 4. Msungichuma anandipatsa mabuku osanyinyirika, ndipo osayina ndi atatu.

Koma a NaJere, ndime yotulukira ndi mzere umodzi wokha, woti sheya idzabwezedwa akapezeka membala watsopano. Mtengo palibe, nthawi palibe, za imfa palibe. Ndinafunsa pamsonkhano, mawu akunjenjemera, poti ndine mlendo. Kunangoti zii. Kenako bambo wina wa ana aang'ono atatu anati membala ndi iye yekha papepala, ndipo sanaganizepo kuti atafa lero mkazi wake angaime pati. Mkaziyo anali pambali pake, mwana ali pamiyendo. Msonkhano umene unali wa za mpanda unathera pamenepo. Asankha anthu atatu oti alembe ndimeyo ndi loya. Ndinapemphanso kuyankhula ndi amene anachokapo, ndipo anandilumikiza ndi banja limodzi. Iwo anadikira miyezi 14 kuti alandire zawo. Sakudandaula za anthu, akuti chinawachotsa ndi msewu nthawi yamvula.

Msewuwo ndi umenenso ukundidetsa nkhawa. Sukulu ili pamtunda wa makilomita 9, ndipo pali kamtsinje kopanda mlatho. Mtsikana anapalasa njinga m'mawa ndi mnzake mmodzi wamsinkhu wake amene anamupeza kumeneko. Pobwera sananene kuti inde, sananenenso kuti ayi. Anati: "Amayi, tikabwera kuno ndikufuna chitseko changa, osati katani." Makasitomala kumeneko kulibe okwanira, ndiye ndizipita kutauni kamodzi pasabata kukatenga ndi kukasiya zosoka. Foni imagwira bwino pakhonde la nyumba yaikulu pokha. Ena akuti ndikhoza kumasokera pakona ya nyumba yaikuluyo, koma mpaka avote.

Chimene ndachita ndi ichi. Pali membala amene akupita kusukulu miyezi 6, ndipo ndapempha kuchita lendi kanyumba kake nyengo yonse yamvula. Sheya sindigula mpaka ndimeyo italembedwa ndipo loya wanga waiona. Avomera, koma anena poyera kuti malo a nambala 12 sangandisungire, pali banja lina likuwafuna.

Wamagetsi:
Mayi, apo ndiye mukhoza kutaya malowo. Gulu la mapepala oongoka chonchi, loti limamva mlendo akafunsa, silipezekapezeka. Bwanji osapereka kachikole kochepa kuti akusungireni, mutalemberana kuti ndime ikapanda kutheka akubwezerani?

NaJere:
Ayi achimwene, asiyeni mayiwa ayende mmene ayambiramu. Ine chinandilowetsa m'mavuto ndi mawu omwewo oti pali ena akufuna. Ngati banja linalo litenga, litenge. Pamalo pa mabanja 12 pamapezeka wochoka, ndipo nthawi imeneyo iwo adzakhala atauona msewu uli matope, ndi mwana atawoloka kamtsinjeko kali kodzaza. Achemwali, ndawerenga za bambo wa ana atatuyo misozi ili m'maso. Kwathu kuja tikanapeza mlendo wotifunsa funso limenelo chaka choyamba, bwenzi lero ndikuyankhulabe ndi anzanga aja.

Agogo a Mapasa:
Ine chimene chandikhazika mtima pansi ndi chakuti sanakwiye mutafunsa, ndipo sanakunamizeni kuti akusungirani malo. M'miyezi 6 imeneyo lowani nawo pabolodi la ntchito ngati membala, ndowa zomwe. Ndipo mtsikanayo azibwera nawo kumisonkhano, kwathu a msinkhu wake amaloledwa kuyankhula.

Mlembi Wakale:
Maganizo a Wamagetsi si oipa ngati alembedwa bwino, koma ine ndikanasiya ndalama zili kubanki. Lendi ya miyezi 6 imeneyo mulemberanenso, ndipo asayine mwini kanyumba ndi wapampando wa kopaletivi, onse awiri. Mulembe tsiku lolowa, tsiku lotuluka, ndi amene akonza denga likadontha.

Mmisiri wa Matabwa:
Za chitseko cha mtsikanayo n'zotheka, tikadzafika pomanga ndidzakuuzani mmene timadulira kachipinda kumapeto ndi chitseko chotsetsereka chosadya malo. Koma pakadali pano, kanyumba kalendiko munayeza khomo lake? Makina opalasa ndi olemera, ndipo miyendo yake yachitsulo sipindika.

Nangondo:
Ndinayeza, bambo. Khomo ndi masentimita 70. Tebulo la makina ndi 92 m'litali, 45 m'lifupi, ndiye alowa cham'mbali tikachotsa lamba n'kunyamula mutu wake padera. Malo ake ndawapeza pansi pa windo lakum'mawa, pamene kuwala kumafika mpaka masana. Mtsikana wati iye adzanyamula mutuwo pamiyendo m'lole, sakufuna kuti makina a agogo ake agubuduzike ndi katundu wina. Tikusamuka kumayambiriro kwa mwezi wamawa.